Amaona pansi mamita angati? Za makina osakira mphete pa bichi

Funso limakhala lomwelomwelo, kaya munthu wandipeza pa North Beach m'mamawa ndili ndi mahedifoni kukhutu, kaya walemba pa WhatsApp ali ku Mangochi ataona chithunzi cha mphete pa status yanga: achimwene, makina anuwo amaona pansi mamita angati? Ndikanena kuti mphete yaukwati amaimva pa masentimita 25, mwina 30 tsiku loti mchenga uli bwino, munthu nkhope imagwa. Ena mpaka amandimvera chisoni, akuti mwina anakuberani, ifetu taona pa Facebook makina ofika mamita 10. Nde ndati ndilembe kamodzi, aliyense wofuna kugula detekita yoyendera m'mphepete mwa nyanja aziwerenga yekha, ine pakamwa panatopa.

Ndimakhala ku Durban, ndinabwera kudzasaka maganyu monga anachitira amzathu ambiri, ndipo zosaka zitsulo mumchengazi ndinaziyamba nditaona madala ena achizungu akuyendayenda ndi makina kukucha, anthu osambira asanafike. Si bizinesi iyi, wina asakunamizeni. Masiku ambiri umabwerera kunyumba ndi timakobidi toti sitikwana ndi buledi yemwe, zitsekerero za mabotolo thumba tho, msana ukuwawa. Koma nthawi zina mu sikupu, fosholo yathu yokumbira, mumagwa kanthu kachikasu kolemera, mkati molembedwa 375 kapena 750, manambala osonyeza kuti ndi golide, basi mawa lake alamu isanalire uli kale maso.

Za kuyazi nkhani yake ili chonchi. Chimbale chozungulira chakumapeto kwa ndodo chija, chomwe timati koyilo, chimatumiza mphamvu ya maginito pansi. Mphamvuyo ikagunda chitsulo imadzutsamo timagetsi tochepa, timagetsito natonso timabweza kamphamvu kawo m'mwamba, makina n'kulira. Popita imafooka, pobwerera imafookanso, ndipo kufooka kwake ndi kwa liwiro loopsa: pa kanthu kakang'ono monga mphete, kuti mufike kuya kowirikiza kawiri pamafunika mphamvu yowirikiza pafupifupi ka 64. Ndiye chifukwa chake makina otchipa ndi makina odula kwambiri amasiyana ndi masentimita owerengeka basi pa mphete imodzimodziyo. Lamulo lomwe ambirife timayendera ndi loti khobidi kapena mphete imamveka pa kuya kofanana ndi kukula kwa koyilo yanu, kuwonjezerapo pang'ono zinthu zikakhala bwino. Mgolo wachitsulo kapena chitseko cha galimoto, eya, chimenecho mutha kuchimva pa mita ndi kupitirira, koma ndani akusaka mgolo?

Nanga aja a mamita 10? Pali makina ena a mabokosi awiri, monga Fisher Gemini-3, osakira mapaipi ndi zinthu zikuluzikulu, amenewo amafikadi pansi koma mphete amaidutsa osaimva n'komwe. Kenako pali aja a timawaya tiwiri tozungulira tokha, akuti amaloza golide ali pa kilomita, ena ali ndi kasikirini koonetsa zithunzi za mitundumitundu. A timawaya aja ndi utambwali weniweni, mkati mwake mulibe chilichonse chomva chitsulo, wayayo amagwedezeka ndi dzanja lanu lomwe. Amagulitsidwa kwambiri kuno ku Africa chifukwa ogulitsa akudziwa kuti tili ndi njala ya golide ndiponso nkhani za chuma chomwe azungu anakwirira sizitha m'midzimu, nkhani zomwe zija za nsimbi zamakala ndi makobidi oboola pakati. Munthu wagulitsa ng'ombe kugula kawaya. Zimandipweteka kwabasi.

Chomwe chimasuntha mamita enieni pa bichi ndi mchenga. Kuno ku Durban mchenga umayenda ndi mafunde kuchokera kum'mwera kulowera kumpoto, koma makoma a pakhomo la doko amautchinga, nde pali sitima yokumba yomwe imautenga n'kukaupopera ku magombe a m'tauni kuti asathe. Akangopopa, malo omwe dzulo munkatolapo makobidi amakwiririka ndi mchenga watsopano wopanda kanthu, wofika m'chiuno kapena kuposa, ndipo palibe makina pa dziko lino omwe angaboole pamenepo. Kenako nyanja ikakwiya masiku awiri atatu imaukokolola wonse n'kusiya chiphompho m'mphepete, zinthu zomwe zinagwa zaka 30 zapitazo zili poyera. Madala omwe anayamba kalekale amakambabe za mafunde a mu March 2007 omwe anagumula gombe lonse kuyambira Ballito mpaka kum'mwera, akuti masiku amenewo ngakhale makina a ana ankatola golide. Ndiye mukamawerengera ndalama zoti muwonjezere kuti mupeze masentimita atatu a kuya, kumbukirani kuti nyanja usiku umodzi imachotsa kapena kuwonjezera mita yathunthu osakufunsani.

Golide ndi wolemera kwambiri. Wosasakaniza amalemera kuposa madzi ka 19, pamene mchenga wamba ndi ka 2.6 basi, mphete ya 9 carat yomwe ndi yofala kuno ili cha m'ma 11. Mphete ikavuka m'chala pamalo pofika mafunde, funde lililonse limagwedeza mchenga, iyo n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka ikakhale pa chinthu cholimba, kaya ndi mwala, dongo kapena mulu wa zigoba. Imakhala pamenepo kudikira. Ntchito yathu ndi kupeza malo omwe mchenga wapamwamba wachoka moti cholimbacho chayandikira. Chizindikiro chake ndimachikonda kwambiri: mukayamba kutola timitovu ta asodzi tomizira mbedza tija, ndi makobidi akale obiriwira ndi ndere, chepetsani liwiro, zungulirani pomwepo, chifukwa mtovu kulemera kwake ndi 11 yomweyo, komwe wakhazikika mtovu mphete nayonso imakhazikika komweko. Mukamangotola tizidutswa ta zitini ndi timapepala tonyezimira ta m'mapaketi a fodya, mapazi akumatitimira mumchenga wofewa, nyamukani, pamenepo mchenga wangobwera kumene.

Tsopano makinawo. Bichi ili ndi zigawo zitatu ndipo chilichonse chili ndi khalidwe lake. Kumtunda kuli mchenga wouma komwe anthu amayala matawulo, kumeneko makina alionse amagwira, ngakhale otchipa a frequency imodzi, ndiye kuti otumiza mphamvu ija pansi pa liwiro limodzi lokha, monga Garrett Ace kapena Nokta Simplex, ndipo zotola zake zimakhala pamwamba, makobidi, makiyi, ndolo, nthawi zina foni. Ngati cholinga chanu ndi kumangoyenda kumtundako pa 27 December ndi pa 2 January, khamu la Khisimisi ndi Nyuwere litabalalika, musawononge ndalama, gulani otchipawo. Mavuto amayambira pa mchenga wonyowa ndi m'madzi momwemo, komwenso ndi komwe kumakhala golide wambiri, poti chala chikanyowa ndi madzi ozizira chimachepa, kuphatikiza mafuta odzola a dzuwa aja, mphete imangovuka mwini wake osamva.

Vuto lake ndi mchere. Magetsi amadutsa m'madzi amchere, nde kwa makina gombe lonse lonyowa limaoneka ngati chitsulo chimodzi chachikulu chofooka. Mukatsikira kumeneko ndi makina a frequency imodzi amayamba kubwebweta, piii apa piii apo, makamaka funde likangodutsa pansi pa koyilo kapena koyilo ikagunda mchenga. Kuti akhale chete mumatsitsa sensitivity, mphamvu yawo yakumva, ndipo mukatsitsa kuya kuja kwapita, makina omwe kumtunda amamva khobidi pa masentimita 25 kuno akulimva pa 10. Choipa china n'choti mchere ndi golide wamng'ono amamveka pafupifupi mofanana, moti mukawauza makina kuti asamve mchere, katcheni kopyapyala ndi ndolo zing'onozing'ono nazonso zimasowa. Ili ndi vuto la makina onse, odula ndi otchipa omwe, amangosiyana kuchuluka kwake.

Pamwamba pa mchere pali mchenga wakuda. Amene mwayendako magombe a KwaZulu-Natal mwaionapo mizere yakuda yonyezimira ija mafunde akabwerera, mukayika maginito imamatirira. Ndi miyala yachitsulo yoperesedwa, ilmenite ndi magnetite, ndipo kumpotoku ku Richards Bay ilipo yambiri moti pali mgodi wathunthu wokumba milu ya mchenga. Makina a frequency imodzi mutha kuwatchuna kuti asamve mchere, kapena kuti asamve mchenga wakudawo, koma ziwiri zonse nthawi imodzi sangathe, ndi kabatani kamodzi kokokedwa mbali ziwiri. Apa ndi pomwe mitundu iwiri ya makina a kunyanja inabadwira.

Mtundu woyamba ndi pulse induction, timangoti PI. Awa amaponya mphamvu pansi kamphindi, n'kuzimitsa, n'kudikira pang'ono kwambiri, kenako n'kumvetsera chomwe chikuyankhabe, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Mchere umayankha msanga n'kuzima msanga, pamene chitsulo chimachedwerako, nde podikira paja mchere umakhala wazima kale. Mchenga wakudanso suwasokoneza kwambiri. N'chifukwa chake pa mchenga wonyowa woipitsitsa PI ndi amene amafika pansi kuposa onse, ndipo munthu akati akufuna makina akuya, zoona zake akunena amenewa. Odziwika ndi Garrett Sea Hunter Mark II omwe mutha kumira nawo kupitirira mamita 60, Garrett ATX omwe ndi amphamvu koma amalemera makilo atatu, Fisher Impulse AQ, komanso akale monga White's Surf PI ndi Tesoro Sand Shark omwe mungawapeze kwa anthu basi, poti White's inatseka mu 2020 ndipo Tesoro nayonso kulibe.

Koma mverani bwino. PI ali ngati woitanira minibasi pa depoti, aliyense wodutsa amamukuwira, kaya akupita ku Limbe kaya wangobwera kudzagula chipisi. Msomali, mbedza yadzimbiri, kapini ka tsitsi, waya wa pa braai, zonse amalira mofanana ndi mphete, ndipo poti amafika pansi kwambiri, kapini komweko mukakumba dzenje lofika m'bondo, madzi akubwereramo, m'mbali mukugumuka, funde likubwera kudzafafaniza zonse. Mukatulutsa n'kupeza ndi kapini. Chitani zimenezo maulendo makumi angapo m'mawa umodzi muone ngati mawa mudzuke. Pa bichi ya m'tauni monga South Beach kapena Addington, pomwe zitsulo za zinyalala zili mbwee, munthu wa PI amakumba maenje ochepa ozama pamene mnzake wa makina osankha wayenda gombe lonse, ndipo pamapeto pa mwezi woyenda kwambiri uja ndi amene ali ndi mphete zambiri. PI ndingamulimbikitse munthu amene ali ndi makina ena kale, amene akudziwa gombe lakutali loyera lopanda misomali, la mchenga wakuda, ndipo msana wake udakali wa mnyamata. Kugula PI ngati makina oyamba ndi njira yachidule yosiyira masewerawa.

Mtundu wachiwiri ndi wa ma frequency angapo nthawi imodzi. Awa amafunsa pansi ndi ma frequency osiyanasiyana, n'kufananitsa mayankho, ndipo poti mchere, mchenga wakuda ndi chitsulo chenicheni zimayankha mosiyana pa frequency iliyonse, kakompyuta kam'kati kamatha kuchotsa ziwiri zoyambazo n'kusiya chachitatu. Ubwino wake waukulu n'ngoti amakuuzanibe kuti ichi ndi chitsulo chadzimbiri, ichi ayi. Kale amenewa anali a anthu a ndalama, Minelab Excalibur II wa ma frequency 17 yemwe amamira mamita 60, ndi Fisher CZ-21 wa ma frequency awiri. Excalibur mpaka lero ali ndi anthu ake omwe sangamve china, alibe sikirini, zonse ndi khutu, ndipo ndi wolemera kuposa makilo awiri. Zinthu zinasintha mu 2018 pomwe kampani ya Minelab ya ku Australia inatulutsa Equinox 600 ndi 800, opepuka cha m'ma kilo 1.3, olowa m'madzi mamita atatu, pa mtengo woti munthu wamba akhoza kusungira. Ena onse anatsatira: XP ya ku France ndi Deus II womira mamita 20, Nokta ya ku Turkey ndi Legend, Minelab yomweyo ndi Equinox 700 ndi 900 komanso Manticore, omwe amalowa mamita asanu.

Mukandifunsa ine, munthu woyamba amene akufuna mchenga wonyowa ndi madzi ofika m'chiuno agule Legend kapena Equinox, chenji chotsalacho agulire sikupu yabwino ndi mahedifoni a m'madzi. Manticore ndi Deus II ndi makina abwino zedi, sindikutsutsa, amafika pansi pang'ono kuposa ndipo amasankha bwino pakati pa misomali, koma ndalama ya imodzi mwa amenewa ikhoza kugula ma Legend awiri kapena atatu, ndipo kusiyana kwake amakumva ndi munthu amene khutu lake linazolowera kale. Deus II alinso ndi ma setting ambirimbiri oti munthu watsopano amangosochera. Pali Minelab Vanquish, otchipa koma a ma frequency angapo, pa mchenga wonyowa amakhala chete bwinobwino, kungoti ma 340, 440 ndi 540 aja kabokosi kake sikalowa m'madzi, funde limodzi la Durban lokuombani pachifuwa basi maliro. Kwa munthu woti sadutsa m'akakolo ndi abwino.

Manambala a pa sikirini musawakhulupirire kwambiri. Golide alibe nambala yakeyake. Mphete yopyapyala ya amayi, ija ya kamwala kodula, imalira pamodzi ndi timapepala ta aluminiyamu, yaikulu ya abambo imalira pamodzi ndi totsegulira zitini za Coke, nde amene amatchuna makina kuti asamve zinyalala zimenezi watayanso golide yense. Pa bichi timakana chitsulo chadzimbiri chokha, china chilichonse timakumba. Ndipo chinthu chikakhala pansi kwambiri nambala imayamba kudumphadumpha, kamawu n'kukhala konong'ona, nthawi zina mpaka kumamveka ngati msomali. Timawu tofooka timeneti tobwerezabwereza mbali zonse ziwiri ndi tomwe timasiyanitsa wodziwa ndi wongoyenda, ndipo kuya kwenikweni komwe anthu amafuna kugula ndi ndalama kuli pamenepa, m'khutu ndi m'kuyendetsa koyilo pang'onopang'ono ikukhudza mchenga. Ambiri amaiyendetsa m'mwamba masentimita asanu, kumapeto kwa dzanja n'kumaikweza, ndiye kuti masentimita omwe analipira ma rand masauzande awataya mumphepo. Za makobidi a kuno, ma 10c, 20c ndi 50c mkati mwake ndi chitsulo chongokutidwa, akakhalitsa mumchere amatupa dzimbiri n'kumalira zosamveka, ine ndinasiya kuwadandaula. R5 ndiye amalira bwino.

Koyilo yobwera ndi makina ambiri ndi ya mainchesi 11 ndipo ndi yokwanira. Ya mainchesi 15 imawonjezera kuya pang'ono pa mphete zikuluzikulu ndipo imakuta malo ambiri pa mchenga wonyowa wosalala nyanja ikaphwera, pamenepo ndimaikonda. Koma imamvanso mchere wambiri nthawi imodzi, nde nthawi zina mumakakamizika kutsitsa sensitivity n'kubwerera pomwe munali, tinthu ting'onoting'ono imatiphonya, kuloza malo enieni okumba kumavuta, ndipo m'madzi kuikoka kwake phewa limachita kuyaka. Yambani ndi yobwera nayo, yaikulu mudzagula chaka chamawa ngati mudzaifunebe.

Sikupu anthu amaiiwala powerengera bajeti, chonsecho theka la ntchito ndi imeneyi. Ndi fosholo yonga chitini chachikulu chamabowo, ya stainless, ya mpini wautali, yoti mumaiponda ndi phazi n'kuzula mchenga wambiri kamodzi, kenako n'kuigwedeza m'madzi mchenga n'kutuluka, chitsulo n'kutsala chikuchita phokoso mkati. Makina omva pa masentimita 35 alibe phindu ngati chokumbira chanu ndi kafosholo ka pulasitiki, chifukwa m'madzi dzenje limadzaza msanga kuposa mmene mukukumbira ndipo mphete imapitirira kutsika mukamaigwedeza. Njira yake, mukapeza pomwe pakulira mumaika chala chaphazi kumbuyo kwa koyilo, n'kuchotsa koyilo, n'kuika mlomo wa sikupu patsogolo pa phazilo, kuponda mwamphamvu kuti ilowe kunsi kwa chinthucho. Ikalowa pamwamba pake mwachikankhira pansi. Ya mabowo aakulu imatulutsa mchenga msanga koma ndolo zimapulumukira momwemo, onani pansi pake pakhale timabowo tating'ono.

Za madzi, mawu oti waterproof muziwawerenga bwino, nthawi zambiri amanena koyilo yokha. Funsani kuti kabokosi kamalowa mamita angati. Mahedifoni a Bluetooth amagwira kumtunda, kabokosi kakangomira amaduka poti mawayilesi sadutsa m'madzi, ndiye olowa m'madzi amafunika a waya. Deus II poti koyilo yake ilibe waya, m'madzi mumaimangirira kawaya kena kobwera nako. Mukabwera kunyanja tsukani makina onse ndi madzi a pampopi, masulani ndodo, chotsani chivindikiro cha pansi pa koyilo chifukwa mchenga wakuda umabisala mmenemo n'kumapangitsa makina kulira okha, ndipo timapini totchajira muziumitsa musanalumikize. Kuwasiya m'galimoto yotseka padzuwa kenako n'kukawaviika m'madzi ozizira ndi komwe kumaphetsa makina ambiri, timalabala totchinga madzi timafooka.

Abale a kumudzi amene mukufunsa za Senga Bay, Nkopola, Chintheche ndi Kande, nkhani yanu ndi yosiyana ndipo ndi yotchipirapo. Nyanja yathu ilibe mchere, nde vuto lalikulu lija kulibe, makina a frequency imodzi olowa m'madzi monga Simplex kapena Garrett AT Pro agwira ntchito bwinobwino mpaka m'madzi, ndipo tinthu ting'onoting'ono ta golide mutimva bwino kuposa ife kuno. Chomwe mukumane nacho ndi mchenga wakuda womwewo, cha ku Salima, Chipoka ndi Makanjira ulipo wambiri, ndiye onetsetsani kuti makinawo ali ndi ground balance yotchuna, kabatani kowauza kuti asamve mchengawo. Kwathu nyanja siphwera ndi kudzaza kawiri patsiku monga kuno, komwe timadikira mwezi ukhale wathunthu kapena wamdima kuti madzi abwerere kutali. Kumeneko chosuntha mchenga ndi mwera wa miyezi yozizira ndi kukwera kapena kutsika kwa nyanja pa chaka, monga mu 2024 pomwe madzi anakwera mpaka kumiza magombe ndi malo ena ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Madzi otere akamabwerera amasiya gombe losakanizika, nthawi yabwino yoyenda ndi imeneyo. Koma tinene zoona, anthu osamba atavala golide kwathu ndi ochepa, malo ake ndi kutsogolo kwa mahotela ndi komwe kumachitikira zoimbaimba, ndipo kumeneko pamafunika kupempha eni malo. Pa doko la asodzi mungotola mbedza ndi misomali ya mabwato. Ku Cape Maclear samalani, mbali ina ndi Lake Malawi National Park, simungangofika n'kuyamba kukumba. Ng'ona ndi mvuu m'mamawa cha kumabango sindikuuzani ine, mukudziwa kale.

Malamulo nawo alipo. Kuno ku South Africa lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limateteza sitima iliyonse yomira yopitirira zaka 60 pamodzi ndi katundu wake, ndipo kulowa ndi detekita pamalo a mbiri yakale popanda chilolezo ndi mlandu. Gombe la dziko lino ladzaza ndi sitima zomira, nde mukatola khobidi lachilendo lakalekale musathamangire kukaligulitsa. Amene muli ku UK, magombe a Crown Estate, omwe ndi malo a ufumu wa kumeneko, amalola kusaka, koma ena ndi a khonsolo kapena a anthu, ndipo ku England, Wales ndi Northern Ireland lamulo la Treasure Act la 1996 limati chooneka ngati chuma chakale muchinene pasanathe masiku 14. Kwathu kuli Monuments and Relics Act. Koma chomwe ndimawauza kwambiri a Malawi anzanga kuno ndi ichi: mzungu wopuma pantchito akapezeka ndi mphete zitatu ndi iPhone m'thumba amati ndi hobby, iwe ndi ine tikapezeka nazo mafunso amayambira pa pasipoti. Foni mukatola kaperekeni kwa ma lifeguard kapena ku polisi tsiku lomwelo. Mphete yolembedwa dzina kapena deti ijambuleni mbali imodzi, ikani pa magulu a Facebook a zotayika a dera lanu, mwini wake anene yekha zolembedwa mkatimo. Lisiti ya makina izikhala mu foni. Kwirirani maenje anu, zinyalala zomwe mwakumba mutuluke nazo, ndipo usiku kapena m'bandakucha musamayende nokha, munthu wovala mahedifoni maso ali pansi samva wobwera kumbuyo.

Ambirife timagula makina ogwiritsidwapo kale ntchito, pa Marketplace kapena Gumtree, ndipo apa ndi pomwe anthu amalirira. Makina abodza alipo ambiri, makamaka otengera mayina a Minelab ndi Garrett, kunja amafanana ndithu mpaka katoni, nde mtengo ukatsika mokayikitsa dziwani kuti pali nkhani. Funsani lisiti, onani serial number, ngati waranti idakalipo funsani sitolo yomwe anagulako ngati ikuwadziwa. Yang'anani timakutu ta koyilo pomwe pamalowa bawuti ngati tili ndi ming'alu, ndi sikirini ngati mkati muli nthunzi, nthunzi ndiye kuti madzi analowapo kale. Wogulitsa aliyense amakuonetsani poyendetsa khobidi m'mwamba kutsogolo kwa koyilo m'nyumba mwake, zimenezo sizikuuzani kanthu, mumphepo mulibe mchere. Muuzeni mukumane pa bichi nyanja itaphwera. Tengani mphete ya golide yeniyeni, ngakhale yobwereka kwa alamu anu, imangeni ku chingwe cholimba, ikwirireni pa mchenga wonyowa masentimita 20 chingwe chikuonekera kunja, dikirani funde lidutsepo kawiri kuti mchenga ukhazikike. Ikani makina pa beach mode, kwezani sensitivity mpaka ayambe kubwebweta, bwezani pang'ono, yendetsani pamwamba pake mbali zonse. Kenako itsitseni pa 25, kenako pa 30, muone pomwe mawu akuthera. Mukatero lowani nawo m'madzi ofika m'mawondo mphindi 10, kabokosi kamire ndithu ngati akuti ndi kolowa m'madzi. Wogulitsa akayamba kuti ayi ndili bize, tingokumana pa garaji mundipatse ndalama, musiyeni, makina ena atuluka sabata yamawa.